Mzere Wotuwa wa Mapasa

Takondwa ndi Tiyamike, ana anga, za ubwana wanga mwazimva kambirimbiri kwa amalume anu, amene amazithira mchere kuposa mmene zinalili, choncho sindizibwereza. Ndilemba za ntchito. Mwakhala mukundiseka kuti amayi anapuma kale koma m'mawa uliwonse amaimbabe foni ku ofesi kufunsa ngati mayeso adutsa. Sekani, koma muwerenge mpaka kumapeto. Muli nkhani m'menemu imene pabanja pathu ankaidziwa ndi malemu bambo anu okha, ndipo sindikufuna kuti nanenso ndipite nayo kumanda.

Ku Dwambazi, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu

Ntchito yanga yoyamba inali yauphunzitsi. Ananditumiza ku sukulu ina ya pulayimale ku Dwambazi, nandipatsa Sitandade 3, kalasi imene denga lake linali mtengo wa mango. Ahedi athu anali munthu woumira: choko ankachithyola pakati, theka kutipatsa Lolemba, theka Lachinayi. Chifukwa cha kusowa kwa choko kumeneku ndinaphunzira kulemba mwachidule. Ukakhala ndi kachoko kochepa ngati chala chaching'ono, sulemba mawu oti mwana awamve pawiri. Sindinkadziwa kuti luso limeneli lidzandidyetsa nditakula.

Inu awiri munabadwa m'chaka changa chachinayi kumeneko. Monga mwa mwambo, simunapatsidwe maina mpaka michombo itagwa, ife titatuluka m'chikuta. Anamwino analemba makadi awiri, ndipo pa onse panali mawu amodzimodzi: mwana wa Esnati, wamkazi, tsiku lomwelo. Agogo anu anamanga kaulusi kofiira pa dzanja la Takondwa kuti tisayamwitse mmodzi kawiri, wina n'kugona ndi njala. Kwa masiku asanu ndi anayi maina anu anali "wa kaulusi" ndi "wopanda kaulusi". Ndikanakonda ndikanaiwala zimenezi, chifukwa munthu wosadziwa amakhululukidwa msanga.

Chaka choyamba pa boma, nyengo ya mwera

Nditaphunzitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mawu anayamba kundithera. Adokotala anati ndikapitiriza kukuwa pansi pa mitengo ndidzatsala ndi manja okha olankhulira. Nthawi yomweyo bungwe lina, limene sinditchula dzina, linatsegula ofesi pa boma la Nkhotakota. Linkapanga pulogalamu ya pa foni yothandiza alangizi a zaumoyo, aja amayenda m'midzi ndi sikelo ndi katemera. Mwana akabadwa kuchipatala, anamwino ankamulembetsa, ndipo dzina lake linkatulukira pa foni ya mlangizi wa dera lakwawo kuti akamuyendere. Ana obadwa ochepa thupi ankabwera pamwamba pa mndandanda, oti aonedwe sabata isanathe. Bungweli linkafuna munthu wodziwa midzi ndiponso wolemba zomveka. Ndinapita ndili ndi mantha, poti kompyuta ndinkaigwira ngati mbale ya eni.

Amene anandilandira anali Hawa, mtsikana wa konkuno kufupi ndi msika, amene anakaphunzira zopanga mapulogalamu ku Blantyre n'kubwerera kwawo. Anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Mayi, zolankhula ndi kompyuta mundisiyire ine. Inu muzingolemba tinkhani ta mizere itatu. Woyamba unene mmene zinthu zilili. Wachiwiri unene chimene munthu wachita. Wachitatu unene chimene pulogalamu iyenera kuchita. Basi."

Ndinamufunsa kuti, "Ndiye mwandiitanira zimenezi? Izi ndi za Sitandade 3."

Iye anaseka. "Wallahi, mayi, anthu a madigiri zimawakanika."

Kankhani kanga koyamba ndikukakumbukirabe. Mwana wabadwa wochepa thupi ndipo kwawo ndi ku Benga. Namwino wamulembetsa. Mlangizi wa ku Benga amuone pamwamba pa mndandanda wake. Hawa ankatenga mizere yotereyi n'kuilumikiza ku pulogalamu, kuti kompyuta izisewera yokha ngati namwino ndi mlangizi, n'kuona ngati zolonjezedwazo zachitikadi. Tinkhani tonse tinkakhala pa tsamba limodzi la pa intaneti. M'mawa uliwonse ndinkalitsegula, kudina batani loyambitsa mayeso, n'kupita kukaika madzi a tiyi. Pobwera ndinkapeza mizere itasintha mitundu. Wobiriwira unkatanthauza kuti pulogalamu yasunga lonjezo. Wofiira unkatanthauza kuti yaphwanya. Panalinso mtundu wachitatu, wotuwa, wa kankhani kamene munthu wakauza kuti, lero iwe khala pansi, tikudumpha. Lamulo la ofesi linali loti pulogalamu yatsopano isapite ku mafoni a alangizi pakakhala mzere wofiira ngakhale umodzi. Patatha chaka anandipatsa udindo woyang'anira tsamba lonse, ndipo mphamvu yotuwitsa mzere inali ndi ine ndekha.

Musaganize kuti tinkakhala mofewa chifukwa inali ofesi. Magetsi ankazima mayeso ali pakati, jenereta ilipo koma mafuta palibe. Netiweki ikathawa, ndinkakwera kabaza nditakumbatira laputopu ngati khanda, kupita kumtunda kumene inkagwirako pang'ono. Koma ntchito ndinaikonda kwambiri. Ndinkayenda ndi alangizi m'midzi, kumva zimene zimawavuta, n'kubwera nazo kudzazisandutsa tinkhani. Amene ndinayenda nawo kwambiri anali Mayi Kalua a ku Benga, mayi wamtali woyenda ngati akuthamangitsidwa, amene ankadziwa mwana aliyense wa m'dera lawo ndi matenda ake omwe. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti foni imodzi imatumikira nyumba zisanu, ndiponso kuti msodzi amasamuka ndi banja lonse kutsata usipa osatsanzika aliyense. Zonsezi zinalowa pa tsamba lija.

Chaka chachinayi, atabwera Bambo Msiska

Bambo Msiska anabwera kudzakhala mkulu wa ofesi kuchokera cha ku Dwangwa. Ndinene poyera kuti sanali munthu woipa. Ankafika woyamba, ankadziwa maina a ana athu, ndipo galimoto ikasowa ankaperekeza alangizi pa njinga yawo yamoto. Vuto lawo linali limodzi: akalonjeza akuluakulu a ku Lilongwe tsiku, tsikulo linkasanduka lamulo la Mose.

Anapeza tili ndi vuto la ana obwerezedwa. Netiweki ikamavuta, namwino ankadina batani lotumiza kawiri kapena katatu, ndipo mwana mmodzi ankaoneka ngati ana atatu. Alangizi ankayenda mitunda kufuna ana amene kulibe. Hawa anakonza njira: pulogalamu ikaona ana awiri a mayi mmodzi, obadwa tsiku limodzi, onse aakazi kapena onse aamuna, a dzina lofanana, iziwaphatikiza kukhala mmodzi. Kankhani koyesera zimenezi ndinakalemba ndine, ndipo kanabiriwira bwinobwino. Tinakondwa tonse.

Ndiye tsiku lina ndikuchapa, ndinaona kaulusi kofiira katasomoka pa chitenje. Ndinakumbukira makadi anu awiri aja. Kutacha ndinalemba kankhani kena. Mayi wabereka mapasa aakazi ndipo sanapatsidwe maina. Namwino wawalembetsa onse awiri kuti mwana wa uje. Pa mndandanda paoneke ana awiri. Hawa anakalumikiza, ine n'kudina batani. Mzere unatuluka wofiira. Pulogalamu inkameza mwana wachiwiri.

Lachinayi lija, mwezi wa Novembala

Pulogalamu yatsopano inayenera kutuluka Lachisanu, ndipo alendo a ku Lilongwe anali atanyamuka kale kudzaonerera. Lachinayi masana Bambo Msiska anaima kumbuyo kwa mpando wanga. Tsamba lonse linali lobiriwira kupatula mzere umodzi umenewo.

Anafunsa Hawa kuti, "Kukonza ichi kutenga nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata awiri, bwana. Pafunika kuwonjezera poti namwino azinena kuti awa ndi mapasa, ndiye anamwinowo tiwaphunzitsenso."

Anatembenukira kwa ine. "Mayi Mbewe, tiyeni tiganize ngati akuluakulu. Pulogalamu imene alangizi ali nayo panopa ikuwayendetsa mitunda yachabe tsiku ndi tsiku. Mvula ikubwera. Mapasa amabadwa kangati? Ndipo mapasa amakhala nyumba imodzi. Mlangizi akapita kukaona mmodzi, winayo amuona ndi maso ake. Ingoutuwitsani mzerewu. Masabata awiri okha."

Ndinati, "Bwana, ine ndine mayi wa mapasa."

"N'chifukwa chake mukuzimva kwambiri," anayankha mofatsa. "Koma mphamvuyo ili ndi inu. Mukakana, ndiimba foni alendo abwerere panjira, ndipo alangizi adikira mpaka Januwale."

Sanandikakamize. Ndikufuna muzimve bwino zimenezi, chifukwa kwa zaka ndinkadziuza kuti anandikakamiza. Mfundo zawo zinali zomveka, Hawa anangoyang'ana pansi, ndipo ine sindinkafuna kukhala mphunzitsi wokalamba amene wabweza alendo a ku likulu. Ndinatsegula kankhaniko n'kuika chizindikiro chodumpha. Tsamba linandifunsa chifukwa, ndipo ndinalemba kuti, "Tikonza pakatha masabata awiri." Mzere unatuwa. Lachisanu alendo anaomba m'manja, tinamwa zoziziritsa kukhosi, ndipo mmodzi wa iwo anajambula tsamba lathu lobiriwira kuti akaonetse maofesi ena. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masabata awiri anakwana mvula itayamba, malungo atavuta, ndipo ku Lilongwe anafuna kuti tiwonjezere msanga zolembera mankhwala. Hawa anamuika pa zimenezo. Kenaka mayi ake anadwala, iye n'kupita kutchuthi. M'mawa uliwonse ndinkauona mzere wotuwa uja pansi pa tsamba. Mwezi woyamba unkandibaya mtima. Wachiwiri ndinkati ndikumbutsa Lolemba. Pofika wachitatu maso anga anali atazolowera kuulumpha.

Malichi wotsatira

Foni inalira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Anali Mayi Kalua, ndipo sanandipatse ngakhale moni.

"Mayi Mbewe, foni yanuyi yandichititsa manyazi. Mwana wamwalira m'dera langa, nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo. Wakhala pamenepo masabata atatu, ine ndikudutsa pakhomo tsiku lililonse, osadziwa kuti m'nyumbamo muli khanda lochepa chonchija. Bwanji silinatuluke pa mndandanda wanga?"

Ndinafunsa kuti mwanayo anali wa yani. Anandifotokozera. Mayi wina wa ku Dwambazi, dzina lake Elube, anabereka mapasa aakazi pa opaleshoni kuchipatala cha pa boma. Mkaka unali wochepa ndipo iye anali wofooka. Mkulu wake wokwatiwa ku Benga anali ndi mwana woyamwa, choncho banja linagwirizana kuti wamng'ono wa mapasawo apite ku Benga akayamwe kumeneko. Namwino anachita zonse molondola: analembetsa woyamba ku Dwambazi, wachiwiri ku Benga. Onse awiri anali "mwana wa Elube". Pulogalamu inawaphatikiza, n'kusiya wa ku Dwambazi yekha. Mkulu wake wa Elube ankamusunga mwanayo m'nyumba poopa mphepo, akudikira kuti alangizi abwera monga anauzidwira kuchipatala. Mwana anayamba kukana bere, nazizira thupi. Pamene ankapeza njinga yoti athamangire naye, zinali zitatha.

Sindikumbukira chimene ndinawayankha Mayi Kalua. Ndikukumbukira kuti ndinatsitsa tsamba mpaka pansi, n'kukhala ndikuyang'ana mawu anga omwe: tikonza pakatha masabata awiri. Bambo anu atandipeza madzulo ndili pakhonde osakoleza moto, ndinawauza zonse. Anati, "Mwina ngakhale alangizi akanapita, mwanayo sakanachira." Zoona, mwina. Ana otero ena amapita ngakhale dokotala ali pambali. Koma mwayi umenewo unali wake, ndipo amene anamulanda ndi ine.

Msonkhano wa sabata yotsatira

Kunabwera akuluakulu awiri kudzafufuza. Tisanalowe, Bambo Msiska anandiitanira pambali. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso sankagona. Anati, "Mayi, madzi akatayika saoleka. Tikonza lero lomwe. Koma m'katimu tingonena kuti ndi vuto limene palibe akanaliganizira. Mukanena zambiri, atseka ofesi ino, ndipo alangizi abwerera ku makope onyowa ndi mvula. Kankhani kaja mungathe kukachotsa, n'kukalembanso mwatsopano."

Ndikanatha. Batani lofufutira linali pomwepo, ndipo alendowo sakanadziwa pofufuza. Ndinalowa mu msonkhano ndisanasankhe chochita. Bambo Msiska analankhula bwino, nanena kuti mwambo wochedwa kutchula ana maina ndi chinthu chimene opanga mapulogalamu sangachilote. Mmodzi wa alendo anagwedeza mutu, nayamba kulemba. Pamenepo ndinamva ngati akunena kuti wolakwa ndi Elube, chifukwa chosatchula mwana wake msanga. Ndinaimirira n'kulumikiza laputopu yanga ku chowonetsera cha pakhoma.

Ndinati, "Pepani, akuluakulu. Tinaliganizira. Nali apa. Linafiira mu Novembala, ndipo amene analituwitsa ndi ine. Dzina langa ndi ilo, ndi tsiku lake."

Hawa anayamba kulira. Sindinatchule Bambo Msiska, koma iwo okha patapita kanthawi anati, "Ndinawapempha ndine." Ofesi sanaitseke. Bambo Msiska anawasamutsira kwina patatha miyezi iwiri, ndipo anachoka osanditsanzika. Ine anandipatsa kalata ya chenjezo, n'kukhazikitsa lamulo loti mzere wotuwa uzifiira wokha pakatha masiku khumi ndi anayi. Hawa anakonza vutolo m'masiku asanu ndi limodzi. Asanu ndi limodzi okha, ana anga. Ndinkayembekeza kuti andichotsa ntchito, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero.

Ku Dwambazi kachiwiri, mvula itatha

Palibe amene anandituma. Ndinakwera minibasi Loweruka, Mayi Kalua n'kundiperekeza ngakhale kuti anali asanandikhululukire. Tinamupeza Elube akuyanika usipa pa thandala, mwana ali kumbuyo. Elubeyo anali wamng'ono kuposa inu panopa. Anatiyalira mphasa, ndipo titapatsana moni ndinamufotokozera mmene ndikanathera: kuti panali cholakwika m'foni za alangizi, kuti ine ndinachiona kale, ndipo ndinachisiya.

Anamvetsera osandidula. Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye inuyo amayi munkadziwa kuti mwana wanga asowa?"

"Sindinkadziwa kuti ndi wanu. Koma ndinkadziwa kuti wina adzasowa."

Anathamangitsa ntchentche pa nkhope ya mwana. Sanandinyoze, ndiponso sananene kuti wandikhululukira. Anangoti, "Achemwali anga mpaka lero sabwera kuno. Akudziimba mlandu kuti anandiphera mwana, ndipo chakudya sichikuwalowa. Mukawauze zimene mwandiuzazi, mwina adzadya."

Ndinalonjeza, ndipo ndinapitadi ku Benga mawa lake. Tisananyamuke ndinafunsa dzina la mwana anali kumbuyoyo. Anamutembenuzira kutsogolo. "Uyu ndi Marita." Ndinafunsa za winayo. Anati akuluakulu ananena kuti adikire kaye akhwime, choncho anaikidwa m'manda wopanda dzina, ndi amayi okhaokha. Anayang'ana kumbali, n'kunena motsitsa mawu ngati akuopa kuti wina amva: "Koma ine mumtima ndinali nditamutchula kale. Akanakhala Mariya."

Tsiku lopuma ntchito

Ndinagwirabe zaka zina zisanu. Sindinatuwitsenso mzere ngakhale umodzi, ndipo achinyamata a mu ofesi ankanditcha Agogo Ofiira, poganiza kuti sindikumva. Pa tsiku lomaliza anandipatsa chitenje ndi mbale zagalasi, Hawa n'kutenga udindo wanga. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo anavomera osafunsa, chifukwa ankachidziwa.

Kankhani kalikonse pa tsamba lija kali ndi mutu wake, wonena chimene kakuyesa. Nditabwera kuchokera ku Dwambazi ndinasintha mutu wa kankhani ka mapasa. Ndinachotsa mawu onse aja n'kulemba dzina limodzi. Atsopano akafunsa kuti mutu umenewu ukutanthauza chiyani, Hawa amawakhazika pansi n'kuwauza nkhani yonse, ndi dzina langa lomwe, monga ndinamupempha.

Ndiye mukamandimva m'mawa ndikuimba foni, sindifunsa za tsamba lonse ayi. Hawa amadziwa. Amadina batani, timadikira pang'ono tikukamba za mitengo ya chimanga ndi za mawondo angawa, kenaka mzerewo ukabiriwira amati, "Mariya alipo, mayi." Ndimathokoza n'kudula foni. Marita chaka chino ali Sitandade 1. Mbale wake dzina lake limatchulidwa kamodzi patsiku, mu ofesi, ndi anthu amene sanamuonepo.